Mabowo Awiri Apamwamba

Mwezi wathawu ndinamuchititsa manyazi mdzukulu wanga ku ofesi kwake. Ananditengera kumeneko kuti ndimudikire pang'ono tisanapite kwa dokotala wa maso. Pa tebulo pake pali sikirini ya kompyuta yomangiriridwa pa kamkono kachitsulo, koti ukangokankha ndi chala chimodzi sikiriniyo imakwera kapena kutsika mmene ukufunira. Pofuna kundionetsa zithunzi za ana ake ine ndili chiimire, anaikankhira m'mwamba, ndipo inaphimba chinthu china cha mu felemu chimene chinali pakhoma. Sindinaone n'komwe kuti mu felemumo muli chiyani. Ndinangomva pakamwa panga pakukuwa pokha: "Tsitsa! Tsitsa msanga iwe!"

Ofesi yonse inatembenuka. Mwana wosalakwa uja anaitsitsa msanga, n'kundinong'oneza kuti, "Agogo, chimenecho ndi chikalata cha kampani chabe." Ndinamuuza kuti ndamva chizungulire. Ndinanama. Kunama kotereku ndinakuyambira kale ku Mzimba, ndipo tsopano ndatopa nako.

Ndinafika pa boma la Mzimba m'zaka za m'ma 70, ndisanakwatire, kuchokera kwathu ku Dedza. Ntchito yanga inali yoonetsa alimi kanema wa zaulimi: kathiridwe ka feteleza, kasamalidwe ka fodya, kapangidwe ka manyowa. Ndinapatsidwa galimoto, injini ya magetsi, makina a kanema ndi chinsalu choyera chachikulu choonetserapo zithunzi. Wailesi yakanema kunalibe m'dziko muno nthawi imeneyo, choncho munthu wobweretsa zithunzi zoyenda ankalandiridwa ngati mvula yoyamba. Dzina langa linaiwalika, aliyense ankangoti "a kanema". Matama ndinali nawo, sindibisa. Ndinkayenda pamsika makiyi a galimoto ndikuwazunguza pachala, ndipo pakamwa panga panalibe chitseko.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chinsalu chija. Ndinkachimangirira pamitengo, pakhoma la sukulu, nthawi zina pankhokwe ya munthu. Pena chinkakhala pansi kwambiri anthu akumbuyo osaona, pena mphepo inkachipinda nkhope ya mlangizi wa mu kanema n'kukhota, ana n'kumafa ndi phwete. Tsiku lina chinagwera anthu a mzere wakutsogolo, ine ndinatukwana mpaka mbusa wa m'mudzimo anatseka makutu. M'mawa mwake ndinapita kwa mmisiri wa matabwa amene anali ndi kashedi kuseri kwa msika.

Anali bambo wamkulu, wamsinkhu wa atate anga, wofatsa, wolankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chitumbuka. Ine ndinkawatcha adada monga ankachitira anthu onse kumeneko. Anagwirapo ntchito zaka zambiri kocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene ankanyadira chinali manja awo. Ankawatambasula pamaso pako n'kunena kuti, "Werengani, a kanema. Khumi. Anzanga ambiri anasiya zala pa macheka a ku Chikangawa, ine ndinatulukako nazo zonse." Manja amenewo ndiwo ankadyetsa mkazi wawo ndi ana asanu ndi mmodzi kumudzi, kumwera kwa boma. Munda wawo unali wamchenga, wosadalirika.

Ndinawafotokozera vuto langa, iwo akungogwedeza mutu, pensulo ili pakhutu. Patatha milungu iwiri anandiitana. Abale inu, chinthu chija chinali chokongola! Mizati iwiri ya paini yoima pa miyendo yopingasa, mzati uliwonse uli ndi unzake wocheperapo wolowa m'kati mwake. Mzati wam'katiwo unali ndi mabowo asanu ndi awiri. Ukafuna chinsalu chikwere, unkakoka wam'katiwo n'kulowetsa chikhomo pa bowo limene ukufuna, mbali iyi kenako mbali inayo. Zikhomozo zinali za mtengo wa muwanga, zolemera, zotalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Anapanganso kanyundo kamtengo kokhomera zikhomo, n'kukamangirira pamzati ndi chingwe kuti ndisakataye. Anthu ataona chikutalika khosi anachitcha nyamalikiti, dzinalo linakanirira.

Koma pa bowo lachisanu, kuwerenga kuchokera kumene chinsalu chimakhala pansi, panali mzere wa penti yofiira mbali zonse ziwiri. Ndinafunsa kuti zokongoletsazi n'zachiyani.

"Si zokongoletsa yayi," anatero adada. "Ndinapita ndi chingwe ku holo ya pa boma kumene mumaonetsera kanema, ndinayeza khoma. Panja kwezani mpaka pothera, mbwenu Mulungu yekha ndiye akufunseni. Koma mu holo, apa pofiira ndiye malire. Mukapitirira bowo limodzi, nsalu ikhudza felemu. Mukapitirira awiri..." Sanamalize. Anayang'ana kukhomo la shedi, n'kubwezera pensulo pakhutu.

Ine ndinaseka. "Adada, inu zanu ndi matabwa. Za kanema muziwasiyira a kanema."

Ana a masiku ano sangamve chimene bambo uja ankaopa, ndiye ndifotokoze. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo chithunzi cha Pulezidenti chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse, m'ofesi iliyonse, mu holo iliyonse. Panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba pake: kaya wotchi, kaya kalendala, kaya chithunzi cha ukwati wako. Kuchiphimba ndiye osayerekeza n'komwe. Oyang'anira zimenezi anali anyamata a chipani ovala malaya ofiira, omwewo ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipanicho. Ndinaonapo ndi maso angawa telala wina pa boma pomwepo atapachika wotchi yake yatsopano zala zitatu pamwamba pa felemu. Anamukokera pakhonde, anamugwaditsa, n'kumuphwanyira wotchiyo pamutu. Magalasi anamulowa pachipumi, magazi akuyenderera m'maso, iye akungothokoza kuti yewo, yewo, ngati akumupatsa mphatso. Ndipo mukudziwa chimene ine ndinachita? Madzulo ake ndinaifotokoza nkhaniyo pamowa ndikutsanzira mmene ankanenera yewo, anthu n'kuseka. Ndinali munthu wotero.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali Loweruka masana, nyengo yokonzekera dzinja. Tinali ndi kanema wa manyowa mu holo ija pafupi ndi msika. Popeza kunali dzuwa, tinkatseka mazenera ndi masaka kuti mukhale mdima. Adada ankakonda kubwera kudzaona nyamalikiti wawo akugwira ntchito, ndipo tsiku limenelo anadzipereka kukwera makwerero kumapachika masakawo. Ine ndinaimika choimikira chija kutsogolo, zikhomo pa bowo lachisanu, pa mzere wofiira. Thabwa lapamwamba la chinsalu linatsala chikhatho chimodzi kuti lifike pa felemu ya chithunzi. Zonse zinali m'malo mwake.

Anthu anadzaza kuposa masiku onse. Abambo anakhala pamabenchi kutsogolo, ambiri osavula n'zipewa zomwe. Amayi anakhala kumbuyo, ena pansi, ena chiimire ndi ana kumsana. Pansi pa holoyo panali posalala, posakwera kumbuyo, ndiye akumbuyo ankangoona mitu. Pakati pawo panali mayi wina wogulitsa tomato pamsika, wamtali, wamawu ngati belu la sukulu, amene tinkakonda kunyogodolana naye tsiku lililonse. Ndikukonza makina, ndinamva akufuula:

"A kanema! Ife kuno tikuona zipewa zokhazokha! Kodi nyamalikiti wanu wafupika khosi lero? Kapena mwini wake ndi amene wafupika?"

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Ine kusekedwa ndi gulu sindinkakupirira, magazi ankathamangira kumutu nthawi yomweyo. Ndinasiya makina, ndinadutsa pakati pa mabenchi ndikukankha mawondo a anthu, ndinafika kutsogolo. Ndinazula chikhomo chakumanja, kukoka mzati, kudumpha bowo lachisanu ndi chimodzi, kukhomera pa lomaliza. Kumanzere chimodzimodzi. Mabowo awiri. Masaka ambiri anali atapachikidwa kale, kutsogoloko kunali mdima, ndipo ine maso anga sanali pakhoma, anali kwa amayi aja amene tsopano ankalulutira.

Apa ndinene zoona zake. Ndikukhoma chikhomo chachiwiri, ndinamva mawu kuchokera pamakwerero kumbuyo kwa holo: "A kanema! A kanema, pofiira!" Zaka zambiri ndakhala ndikudziuza kuti injini inkalira panja, nthungululu zinali zambiri, sindinamve bwino. Bodza. Ndinamva bwinobwino. Ndinangoti mumtima, nkhalamba iyi isandichititse manyazi pamaso pa azimayi, ndidzatsitsa kanema akatha. Ndinabwerera kumakina n'kuyatsa.

Kanema anayamba. Ndili kumbuyo kwa makina ndinaona mthunzi wa munthu ukuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, ukupepesa anthu, ukulowera kutsogolo. Anali adada. Ankapita kukatsitsa mwakachetechete kuti wina asazindikire. Anafika pa mzati wakumanja, anagwira kanyundo, anayamba kugogoda chikhomo kuti chituluke.

Nthawi yomweyo chitseko cham'mbali chinatseguka kuti phaa. Anali tcheyamani wa chipani wa deralo, atachedwa monga amachitira akuluakulu, ndi anyamata anayi a malaya ofiira. Dzuwa la masana linalowa n'kugwera pakhoma lakutsogolo. Chithunzi cha Pulezidenti panalibe. Panali chinsalu changa, ndipo pamalo enieni pamene panayenera kukhala nkhope, makina anga ankaonetsa mulu wa ndowe za ng'ombe, mlimi akuutembenuza ndi fosholo. Pansi pake panaima bambo wachikulire, kanyundo m'dzanja lina, chikhomo chozuka theka m'dzanja lina.

"Zimitsa!" anakuwa tcheyamani.

Ndinazimitsa. Mu holo munangoti zii, kupatula mwana mmodzi amene ankayamwa mokoka.

Anyamata awiri anawadumphira adada n'kuwagwetsa chagada. Chikhomo chinazuka nawo, mzati wakumanja unatsetsereka n'kugwa kuti khu, chinsalu chinapendekeka, theka la nkhope ya mu felemu linatulukira likutiyang'ana ndi diso limodzi. Mnyamata wina anawaponda pachifuwa ndi nsapato. Wina anawamenya mbama ziwiri zomveka mpaka kumbuyo kumene ndinali. Adada anaiwala Chichewa, anayamba kufuula m'chinenero chawo kuti ankatsitsa, sankakweza. Mkulu wa anyamatawo, mwana wa komweko amene ankamva mawu aliwonse, anawakhoma chibakera pakamwa. "Yankhula Chichewa, chigawenga iwe!"

Tcheyamani anakweza dzanja, anyamata anaima kaye. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine kudutsa mitu yonse ija.

"A kanema. Inu ndinu munthu wa boma. Wakweza chinsaluchi ndani?"

Anthu oposa amene ndikanatha kuwawerenga anandiona ndikukweza. Anandilulutira. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa, onse anayang'ana pansi, ndipo sindiwaimba mlandu. Funso linabwera kwa ine. Pakamwa paja pamene panalibe chitseko panapeza mawu osalala msangamsanga, ndipo ndimawakumbukira onse m'ndondomeko yake:

"Bwana, ine ndimangoyendetsa makina. Za choimikiracho amadziwa ndi eni ake amene anachipanga."

Adada anali atagona chammbali, magazi akutuluka pakamwa. Anatukula mutu n'kundiyang'ana. Ndinadikira kuti andiloze. Sanandiloze. Anatsitsa mutu n'kutseka maso.

"Ndiye chinapangidwira dala kuti chizifika pamenepo," anatero tcheyamani. "Dzanja limene linaboola mabowo amenewa ndi liti?"

Anawakokera pa benchi yakutsogolo. Abambo amene anakhalapo anabalalika ngati nkhuku, zipewa zikugwa. Mnyamata mmodzi anawakhalira pamsana, wina anagwira mkono wamanja n'kuutambasula pathabwa, chikhatho chikuyang'ana pansi. Mkulu wawo anatola chikhomo cha muwanga chija, anachiyeza kulemera kwake m'manja, n'kumwetulira. Kumenya koyamba kunagwera pa zala zapakati. Phokoso lake silinali lalikulu ayi, linali ngati munthu akuthyola chinangwa chouma. Adada anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Kachiwiri. Kachitatu. Chikhomo chitayamba kuterera ndi magazi, mnyamatayo anadula chingwe cha kanyundo kaja ndi mpeni, n'kupitiriza ndi kanyundoko, chala chimodzichimodzi, akuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Pofika pa chala chachikulu adada anali atasiya kukuwa, ankangopuma mokoka, miyendo ikupalasa pansi.

Mayi wina kumbuyo anakomoka. Ana analira onse pamodzi. Bambo wina wachikulire anayesa kunena kuti, "Zakwana, ŵana ŵane," ndipo analandira lamba kumaso, chitsulo chake chinamung'amba chikope. Ine ndinaima pamakina anga, dzanja lili pa switchi, ndikuyang'ana. Sindinatseke n'maso omwe.

Atatopa anawagwira miyendo n'kuwakokera panja, mutu ukugunda pa sitepe. Anawaponya m'ngalande yamadzi amvula kuseri kwa khoma, pafupi ndi injini yanga. Galimoto yanga inaima pomwepo, mapazi khumi kuchokera pamene anawataya.

Tcheyamani anakhala pa mpando umene anamukonzera, anakonza jekete. "Tsitsani chinsalu, a kanema. Anthu abwera kudzaphunzira chitukuko. Pitirizani."

Ndinapita kutsogolo. Chikhomo ndinachitola pansi pa benchi, chili chonyowa, chofunda. Ndinachipukuta pa buluku langa n'kuchilowetsa pa bowo lachisanu, pa mzere wofiira. Ndinatsitsa ndi mbali inayo. Chithunzi chinaonekanso chonse. Ndinabwerera n'kuyatsa makina, mlimi uja anapitiriza kutembenuza ndowe zake.

Kanema ameneyo anali wa magudumu atatu a filimu. Gudumu likatha ndinkazimitsa makina, kuchotsa, kuika lina, ntchito ya mphindi zochepa. Loyamba litatsala pang'ono kutha, tcheyamani anayasamula, anaimirira, natuluka ndi anyamata ake onse anayi. Tinawamva akuseka akulowera kumene kunkagulitsidwa mowa. Gudumu linatha, ndinazimitsa makina. Mu kachetechete ameneyo, kupyola phokoso la injini, kubuula kunkamveka kuseri kwa khoma. Makiyi a galimoto anali m'thumba langa lakumanja, ndinkawamva akundikanda pantchafu. Chipatala chinali pafupi, ulendo wosatha ndi mphindi zisanu.

Ndinaganiza kuti mwina asiya kazitape mu holo. Ndinaganiza kuti mawa adzati galimoto ya boma inanyamula chigawenga, ndipo amene anayendetsa ndi mnzake. Ndinaganiza za amayi anga ku Dedza, za ntchito, za zala zanga. Ndinaganiza zambiri, ine mwana wa munthu. Kenako ndinatenga gudumu lachiwiri n'kuliika, ndinayatsa.

Pakati pa gudumu lachiwirilo mthunzi wautali unadutsa pachinsalu, kenako ina iwiri. Anali mayi wa tomato uja ndi anzake awiri. Podutsa pamakina anga anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulavula pansi pafupi ndi nsapato yanga. Patapita nthawi ndinamva wilibala yonyamulira katundu pamsika ikulira kwiii, kwiii, ikutalikira kulowera kuchipatala. Ine ndinamaliza gudumu lachiwiri, ndinaika lachitatu, ndinalimalizanso. Anthu anatuluka osayang'anana.

Kuchipatala anayesetsa, koma zala ziwiri anazidula. Zitatu zotsalazo zinapola zokhota, zouma, zosapindika. Kashedi kuseri kwa msika kanatsekedwa, adada anabwerera kumudzi. Ine palibe anandikhudza. Tcheyamani ankandipatsa moni wa dzanja pamsewu, akunena kuti achinyamata okhulupirika ngati ine ndi amene dziko likufuna. Mayi wa tomato sanandinyogodolenso. Ndikafika pa benchi yake ankaphimba tomato ndi chitenje n'kuyang'ana kumbali.

Ukali wanga unakula m'malo mochepa. Kumudzi wina chakumalire ndi Kasungu, bambo wina anangogwira mzati wa nyamalikiti pofuna kundithandiza kunyamula. Ndinamumenya mbama mpaka anagwera m'mizere, ndinamuponda m'nthiti kawiri anthu asanandigwire. Munthu wosalakwa, abale. Mpaka lero sadziwa chimene anamenyedwera.

Patatha miyezi iwiri abwana anga anandiitana. Anati nkhani ija yafika patali, ndipo lamulo ndi lakuti choimikiracho chidulidwe, mabowo awiri apamwamba achoke, chisadzafikenso pamene chinafika. Ndinazungulira amisiri onse a pa boma. Woyamba anati macheka ake ndi obuntha. Wachiwiri anati akudwala msana. Wachitatu, mnyamata amene anaphunzira ntchito kwa adada, anandiuza maso ali gwa: "Palibe agwire chimenecho kuno. Pitani nacho kwa mwini wake." Ndikanatha kubwereka macheka n'kudula ndekha kuseri kwa nyumba. Sindikudziwa bwino chimene chinandiletsa. Mwina ndinkafuna munthu woti anditukwane.

Ndinapita Lachitatu m'mawa, mizati ili kumbuyo kwa galimoto. Mudziwo unali patali ndi msewu waukulu, ndinafunsa njira katatu. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ataonda, dzanja lamanja lili pamwendo atalifunditsa kansalu. Mkazi wawo ankasenda chinangwa. Nditati odi, mayiyo anaimirira n'kulowa m'nyumba osayankha. Mpando sanandipatse.

"A kanema," anatero adada. "Mwabwera ndi nyamalikiti."

Ndinafotokoza za lamulo lija ndikuyang'ana pansi. Anagwedeza mutu ngati ndawauza za mtengo wa misomali. Anaitana mkazi wawo kuti abweretse macheka ndi pensulo. Mayiyo anabweretsa, anaziponya pansi patsogolo panga, nabwerera. Ndinatsitsa mizati yam'kati ija n'kuigoneka pa chitsa. Adada anagwada, anagwira pensulo ndi dzanja lamanzere, anayesa kulemba mzere. Unatuluka wokhota ngati njira ya nkhono. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Dulani pamenepo," anatero. "Ine sindingathe."

Ndinali ndisanagwirepo macheka chibadwire. Ndinakanikiza ndi mphamvu zonse, macheka anapindika n'kudumpha, pang'ono andidye chala.

"Osakanikiza yayi. Macheka amadya okha, inu muzingowaperekeza. Chala chachikulu chichoke pamenepo, mudzachifuna."

Anaponda mzati ndi phazi kuti usagwedezeke. Pochita zimenezo kansalu kaja kanagwa, ndipo ndinaliona dzanjalo koyamba. Sindilifotokoza. Ndinadula mzati woyamba thukuta likugwera pathabwa, kachidutswa kanagwa ndi mabowo ake awiri. Ndinadula wachiwiri. Kachidutswa kachiwiri katagwa, ndinakhala pansi padothi pomwepo, macheka ali m'manja, ndipo mawu anatuluka okha.

"Adada, ndine ndinakweza."

"Nkhumanya," anatero, kenako anabwereza m'Chichewa kuti ndisanamizire kusamva. "Ndikudziwa. Ndinali pamakwerero. Ndinakuitanani, munandimva."

"Nanga bwanji simunanene? Tcheyamani atafunsa, bwanji simunandiloze?"

Ndinkayembekeza kuti anena za Mulungu, za kukhululuka, zoti ndinali mwana. Ndinali nditakonzeka kulira kuti andigwire paphewa. Iwo anatola kansalu kaja n'kufunditsanso dzanja, mosafulumira.

"Musaganize kuti ndinakumverani chisoni, a kanema. Ndinawerengera ngati mmisiri. Ndinati, awa andigwira kale, sandisiya. Ndikamuloza uyu atiphwanya tonse awiri, mbwenu galimoto ayendetsa ndani? Ndinati mmodzi atsale ndi manja, kuti akachoka awa andithamangitsire kuchipatala, mwina zala zina zipulumuke."

Nkhuku inabwera kudzajompha utuchi pafupi ndi phazi lawo, anaiingitsa.

"Ndiye ndinagona m'ngalande muja ndikumvetsera makina anu. Galimoto ndikuiona, matayala ake ali apa. Ndinawaona aja akutuluka, akupita kumowa. Kenako makina anasiya kulira. Ndinati eya, akubwera. Ndinayesa kudzuka ndi chigongono kuti musavutike pondinyamula." Anatukula maso n'kundiyang'ana. "Mbwenu makina analiranso."

Anawerama, anatola tizidutswa tiwiri tija ndi dzanja lamanzere, kamodzikamodzi, n'kundiika pamiyendo.

"Tengani, ndi mabowo anu awa. Macheka musiye pakhonde."